Mwana akonde manambala, osati nyenyezi za pa sikirini



Ophunzira ambiri amafika mu Fomu 1 atagamula kale mlandu wa masamu. Ena amati, "Masamu ndi anga." Ena amati, "Ine mutu wanga si wa masamu." Chigamulo chimenechi sachipangira kuno ku sekondale ayi. Amachipanga ali ndi zaka 6, 7 kapena 8, tsiku limene samu inawavuta pa bolodi anzawo n'kuwaseka, kapena tsiku limene munthu wamkulu anawauza kuti kubanja kwawo masamu sakhoza. Mphunzitsi wa ku sekondale amatha zaka zinayi akulimbana ndi mawu amenewo, ndipo nthawi zina mawuwo ndi amene amapambana pa mayeso a MSCE. Mwana wanzeru zake amasiya maloto a unamwino, uinjiniya kapena ntchito yowerengera ndalama chifukwa cha mantha amene anayamba asanadziwe n'komwe kulemba bwino dzina lake. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. N'chifukwa chake ife a ku sekondale tili ndi chonena pa zimene zikuchitikira ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Masiku ano ana aang'ono ambiri akukumana ndi masamu pa sikirini. Ena akuwapeza pa matabuleti a kusukulu, ena pa foni ya mayi kapena ya achimwene awo madzulo. Makolo agawanika. Ena akuti kumeneku n'kutaya nthawi, mwana aphunzire ndi choko ndi kope monga kale. Ena akuti tabuleti ndiye mphunzitsi weniweni, mwana angopatsidwa n'kumusiya yekha.

Ife maganizo athu ndi awa. Masewera abwino a masamu angathedi kuchotsa mantha mumtima mwa mwana, ndipo tiwalandire. Koma kukonda masewera ndi kukonda masamu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chimene chimalumikiza ziwirizi ndi munthu wamkulu amene wasankha masewerawo mosamala, n'kukhala pambali pa mwanayo.

Zimene zachitika kale kuno kwathu

Nkhaniyi si yakunja kokha. Mu 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi mumzinda wa Lilongwe, panachitika kafukufuku amene anatsogolera ndi Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham ku Britain. Ana oposa 300 a Sitandade 1 mpaka 3 anagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkachita masamu pa tabuleti mphindi 30 patsiku kwa masabata 8, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya m'Chichewa yopangidwa ndi bungwe la onebillion. Gulu lachiwiri linkagwiranso tabuleti koma yopanda masamu, ndipo lachitatu linapitiriza maphunziro a masiku onse. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, ndipo zinaonetsa kuti ana amene ankachita masamu pa tabuleti anapita patsogolo kuposa anzawo. Gulu lachiwiri lija n'lofunika kulikumbukira, chifukwa likutiuza kuti kungogwira tabuleti si kumene kunathandiza. Chinathandiza ndi zimene zinali m'katimo.

Mu 2019 bungwe lomwelo la onebillion linapambana limodzi ndi Kitkit School pa mpikisano wa padziko lonse wotchedwa Global Learning XPRIZE, mapulogalamu awo atayesedwa kwa miyezi 15 m'midzi ya m'chigawo cha Tanga ku Tanzania. Kuyambira mu 2023, boma la Malawi, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, likuyendetsa ndondomeko yotchedwa BEFIT, imene cholinga chake n'kufikitsa matabuleti otchajidwa ndi sola m'sukulu zonse za pulayimale za boma kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Choncho funso loti tabuleti ibwere kapena isabwere linayankhidwa kale. Azing'ono athu aikumana nayo, tifune tisafune. Funso limene latsala m'manja mwathu ndi lakuti imusiya bwanji mwanayo mumtima: wolimba mtima ndi manambala, kapena wongofuna sikirini?

Chifukwa chimene mwana amasiyira kuopa

Taganizirani mwana wa zaka 7 m'kalasi la ana oposa 100, monga zilili m'makalasi ang'onoang'ono a sukulu zambiri. Mphunzitsi, ngakhale atakhala wodzipereka chotani, sangaone kope la aliyense tsiku lililonse. Mwana akalakwa samu Lolemba, mwina adziwa Lachinayi kuti analakwa, ataiwala kale mmene anaganizira. Amangoona kuti amuthetha ndi cholembera chofiira, osadziwa pamene anasocherera. Akaitanidwa ku bolodi, maso 200 amakhala pamsana pake. Kwa mwana wotere, kulakwa samu ndi manyazi, ndipo njira yapafupi yopewera manyazi ndiyo kukhala kumbuyo, kuweramitsa mutu n'kusiya kuyesa.

Mantha amenewa amadya nzeru. Munthu akamawerengera samu amasunga manambala angapo m'mutu nthawi imodzi: ichi ndasunga, ichi ndabwereka, ichi chatsala. Malo osungirapo amenewo ndi ochepa. Mantha akalowa amatenga gawo la malowo, mwana n'kuyamba kuganiza za kusekedwa m'malo mwa manambala. Ndiye amalakwa samu imene akanakhoza ali phee pakhonde la kwawo, kulakwako n'kumutsimikizira kuti masamu si ake. Chaka chilichonse bwalo limeneli limazungulira n'kumakula.

Masewera abwino amadula bwalo limeneli m'njira zingapo. Mwana akalakwa amadziwa pompopompo, maganizo ake akadali otentha, ndipo amayesanso. Palibe womuseka, chifukwa wavala mahedifoni ndipo aliyense ali pa ntchito yake. Amayenda pa liwiro lake: wofulumira sadikira anzake, wochedwa sasiyidwa m'mbuyo. Tabuleti sitopa kubwereza chinthu chimodzi kakhumi, ndipo sikweza mawu. Ngati ikulankhula chiyankhulo chimene mwana akumva, iye amalimbana ndi samu yokha, osati samu ndi Chingerezi nthawi imodzi. Amaonanso ndi maso zimene nambala ikutanthauza: akoka mango atatu kuika m'dengu muli anayi, n'kuona kuti akwana asanu ndi awiri.

Phunziro lalikulu limene mwana amatengapo ndi lakuti kulakwa si mathero a nkhani. Mwana amene waphunzira zimenezi ali ndi zaka 7 adzafika mu Fomu 3, kukumana ndi samu yovuta ya algebra, n'kuyesa njira yachiwiri m'malo motseka kope. Ubwino weniweni wa masewerawa uli pamenepa, ndipo si wochepa.

Chikomekome cha mkuyu

Komabe si masewera onse olembedwa kuti "ophunzitsa" amene amaphunzitsa. Ambiri mwa amene amapezeka ulere pa intaneti anapangidwa kuti mwana akhalitse pa sikirini, chifukwa opanga ake amapeza ndalama kudzera m'zotsatsa malonda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi mphoto. Masewera ambiri amapatsa mwana nyenyezi, makobidi a pa sikirini kapena chipewa chatsopano cha kachidole akakhoza samu. Zimaoneka ngati zolimbikitsa, koma mphoto ili ndi msampha wake. Mu 1973, Mark Lepper ndi anzake David Greene ndi Richard Nisbett anachita kafukufuku pa ana a sukulu ya mkaka ku America amene ankakonda kale kujambula. Ena analonjezedwa satifiketi akajambula, ena sanalonjezedwe kanthu. Patapita masiku, atasiyidwa kuti asankhe okha chochita, ana olonjezedwa aja anajambula nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo. Mphoto inasandutsa chinthu chokoma kukhala ganyu. Mwana amene akuchita masamu kuti apeze nyenyezi adzafunsa kuti, "Nanga m'kope muno nyenyezi zili kuti?" Akapanda kuziona, chidwi chimathera pomwepo.

Pali kusiyana pakati pa masewera amene masamu ali ngati msonkho wolipira pachipata, ndi masewera amene masamu ndiwo masewerawo. Pa oyamba aja, mwana amathamangitsa galimoto, kenako masewera amaima, samu n'kutulukira, akayankha ndiye galimoto ipitirire. Mwana amaphunzira kuti samu ndi chopinga chosokoneza chisangalalo. Jacob Habgood ndi Shaaron Ainsworth, pa kafukufuku amene anasindikiza mu 2011 ku Britain, anapanga masewera amodzi a kugawa manambala m'mitundu iwiri. Mu mtundu woyamba, adani ankakhala ndi nambala pachifuwa, ndipo mwana ankawagonjetsa posankha chida chimene nambala yake imagawa nambala ya mdaniyo popanda chotsala. Mu mtundu wachiwiri, kumenyanako kunalibe masamu, mafunso ankabwera padera pamapeto. Ana anaphunzira zambiri pa mtundu woyamba, ndipo atapatsidwa ufulu wosankha, anausewera nthawi yochuluka kasanu ndi kawiri kuposa winawo. Tikamasankhira ana masewera, tiyang'ane chimenechi: kodi mwana akuganiza za manambala pamene akusewera, kapena akungowalumpha kuti abwerere ku galimoto yake?

Nyerere yachiwiri ndi kulotera. Ngati pa sikirini pali mayankho atatu, mwana wochenjera amazindikira msanga kuti akangodina onse, limodzi likhala lolondola. Amamaliza magawo ambiri, nyenyezi n'kuchuluka, kholo n'kumasangalala, koma m'mutu mulibe chimene chalowa. Yachitatu ndi wotchi. Masewera amene amawerengera masekondi n'kulira mwana akachedwa amabweretsanso mantha omwe aja a pa bolodi, ndipo amamuphunzitsa kuti wodziwa masamu ndi wothamanga. Si zoona. Ana ambiri oganiza mozama amayankha mochedwa.

Nyerere yachinayi ikutikhudza kwambiri ife Asilamu. Masewera ena ali ndi gudumu lozungulira kapena bokosi lotsekedwa limene mwana amatsegula osadziwa chimene apezemo, pena chachikulu, pena chachabe. Kakomedwe kake n'kofanana ndi ka juga, imene chipembedzo chathu chinaletsa. Enanso amaonetsa zotsatsa za makampani a kubetcha pakati pa samu ndi samu. Tonse tikuona mmene kubetcha pa foni kwagwirira achinyamata m'matauni ndi m'maboma mwathu. Tisalole kuti mwana wa zaka 6 azolowere kukoma kwa mwayi pa chinthu chimene tinamupatsa tokha kuti aphunzirirepo kuwonkhetsa.

Palinso nkhani ya nthawi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka 2 asamakhale pa sikirini, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kumbukiraninso kuti ana a ku Biwi aja ankachita mphindi 30 zokha. Mwana amafunikanso kuthamanga, kusewera phada ndi fulaye, kupita ku madrasa, kuthandiza pakhomo ndi kugona mokwanira. Masewera amene amachititsa mwana kulira pamene adhana yamveka, kapena kubisala ndi foni m'bulangete usiku, asiya kukhala mphunzitsi.

Tabuleti singafafanize mawu a kholo

Ngakhale masewera atakhala abwino chotani, mwana amakhulupirira munthu kuposa makina. Sian Beilock ndi anzake a ku University of Chicago anasindikiza mu 2010 zimene anapeza m'makalasi awiri oyambirira a pulayimale ku America. Kumene mphunzitsi wamkazi ankaopa masamu, pofika kumapeto kwa chaka atsikana ambiri anali atayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata, ndipo atsikana okhulupirira zimenezo ankakhoza mochepa. Mu 2015 ofufuza a pa yunivesite yomweyo anapezanso kuti makolo oopa masamu, akamathandiza ana awo homuweki kawirikawiri, ana aja ankaphunzira zochepa ndiponso ankatengera manthawo. Mantha ndi opatsirana ngati chimfine.

Chaka chomwecho cha 2015, Talia Berkowitz ndi anzake anayesa njira ina pa mabanja a ana 587 a kalasi loyamba m'dera la Chicago. Anawapatsa pulogalamu yotchedwa Bedtime Math, imene kholo ndi mwana amawerenga limodzi kankhani kakafupi, kenako n'kukambirana mafunso a manambala ochokera m'nkhaniyo. Ana amene anapindula moonekera kwambiri anali a makolo oopa masamu aja, ngakhale pamene ankaigwiritsa ntchito kamodzi kokha pamlungu. Pulogalamuyo sinalowe m'malo mwa kholo. Inapatsa kholo ndi mwana poyambira kucheza za manambala mopanda mkwiyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Mwana angathe kukhoza magawo 20 pa tabuleti masana, koma madzulo akamva mayi ake akunena kuti, "Ifetu masamu anatikana, iwenso watengera," mawu a mayi ndi amene atsale. Mtsikana akamaona kuti foni imapatsidwa kwa mlongo wake pamene iye akutsuka mbale, waphunzira kale kuti manambala ndi a ndani. Atsikana athu amve za Maryam Mirzakhani wa ku Iran, amene mu 2014 anakhala mkazi woyamba kulandira Fields Medal, mphoto yapamwamba kwambiri pa masamu. Iye mwini ankanena kuti ali wamng'ono ankafuna kudzakhala wolemba mabuku, ndipo panali nthawi imene masamu sankamuyendera bwino kusukulu. Kuchedwa kuyamba si kulephera.

Masamu si mlendo m'chipembedzo chathu

Ena mwa akuluakulu athu amafunsa kuti, "Ku madrasa ana amaloweza popanda masewera ndipo amasunga bwino. Nanga masamu alekerenji kutero?" Funsoli n'lomveka, ndipo kuloweza kuli ndi malo ake. Mwana amene waloweza kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 amakhala ndi mpata m'mutu woganizira samu yaikulu. Ana a ku madrasa ali kale ndi mwambo wobwereza moleza mtima, ndipo ndi chuma chimene masamu amachifuna. Koma mwalimu aliyense wabwino amafunanso kuti mwana amve tanthauzo la zimene waloweza. Masewera abwino amathandiza mbali ya tanthauzo: mwana amaona mizere 7 ya zinthu 8 asanaloweze yankho. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Tikumbukirenso kuti Msilamu sangakwanitse zina mwa zimene analamulidwa popanda kuwerengera. Zakaat ya ndalama ndi katundu wamalonda ndi 2.5 peresenti, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 40. Munthu amene wasunga K4,000,000 kwa chaka chathunthu, chuma chake chitafika pa nisaab, ayenera kudziwa kuti K100,000 si yake. Malamulo ogawa chuma cha masiye a mu Surat An-Nisa ali m'magawo: theka, gawo limodzi pa atatu, pa anayi, pa asanu ndi limodzi, pa asanu ndi atatu. Mkazi wamasiye amalandira gawo limodzi pa 8 ngati malemu anasiya ana, ndipo limodzi pa 4 ngati sanasiye. Banja limene mulibe wodziwa kuwerengera magawo amenewa ndi limene wamasiye ndi ana amasiye amaberedwa mosavuta.

Cha m'ma 820, mumzinda wa Baghdad, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba buku limene mawu a m'mutu wake akuti al-jabr anabala dzina la algebra imene mukuphunzira mu Fomu 1. Gawo lalikulu la bukulo ndi masamu a chuma cha masiye ndi wasiya. Dzina lake lomwelo ndi limene linabala mawu akuti algorithm, ndondomeko imene makompyuta, mafoni ndi matabuleti omwewa amatsatira. Mwana wathu akagwira tabuleti, adziwe kuti akugwira chinthu chimene Msilamu anathandiza kuyala maziko ake.

Nanga amene alibe foni?

Mabanja ambiri alibe foni yaikulu, ndipo ena amene ali nayo sangakwanitse bandulo tsiku ndi tsiku. Kholo lisatenge ngongole kapena kugulitsa mbuzi poganiza kuti popanda sikirini mwana wake watsalira. Zimene zimathandiza m'masewera a pa tabuleti, monga kuyesa mopanda manyazi, kudziwa msanga ngati wakhoza ndi kuona manambala ndi maso, zilimonso m'masewera amene makolo athu anatisiyira.

Bawo ili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Woisewera amawerenga njere, kuwerengera pamene njere yomaliza igwere, n'kuganizira zimene mnzake achite pambuyo pake. Amenewo ndi masamu ndi kuganiza patsogolo, ndipo mphoto yake ili m'masewera momwemo, osati m'nyenyezi. Zitsekerero za mabotolo 20 zimaphunzitsa kuwonkhetsa, kuchotsera ndi kugawa. Mwana wotumidwa kumsika ndi K2,000 kukagula tomato wa K700 ndi anyezi wa K500 afunsidwe asananyamuke kuti chenje chikhala zingati. Mwana wowerenga ma rakaa a swala zisanu za faradhi n'kupeza 17 wachita samu ya 2, 4, 4, 3 ndi 4. Kwa ana amene kunyumba amalankhula Chiyao, kuwerengera kotere m'chiyankhulo cha mayi awo kumayala mlatho wopita ku Chichewa cha pa tabuleti ndi Chingerezi cha m'makalasi akutsogolo.

Zimene tikupempha

Kwa inu makolo: musanapatse mwana masewera alionse, yambani mwawasewera nokha kwa mphindi 10, kapena uzani mwana wanu wa ku sekondale awasewere inu mukuona. Ngati muli zotsatsa za kubetcha, gudumu la mwayi kapena kupempha ndalama, afufuteni. Sankhani ogwira ntchito popanda intaneti, ndipo muzimitse data mwana akamasewera. Ikani nthawi yodziwika, mphindi 20 kapena 30, pamalo oonekera, osati pa nthawi ya swala, ya chakudya kapena yogona. Akamaliza, musamufunse kuti wapeza nyenyezi zingati. Mufunseni kuti, "Tandionetsa ndi timiyala iti mmene unapezera yankho lija." Simufunika kudziwa masamu kuti mufunse funso limeneli. Mukamamuyamikira, yamikirani kuti sanagonje, kuti anayesanso. Ndipo mawu akuti "kwathu masamu sitikhoza" asamvekenso pakhomo panu. Atsikana ndi anyamata apatsidwe mpata wofanana.

Kwa inu ophunzira athu: azing'ono anu amakuonerani kuposa mmene mukuganizira. Mukabwera kunyumba mukutukwana masamu, mukubzala mbewu mwa mwana wa Sitandade 2 amene akumvetsera ali pakhomo. Khalani naye pansi kawiri kapena katatu pamlungu. Akalakwa musamulande foni n'kumuyankhira, ndipo musamuseke. Mulekeni aganize, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaona kuti pomufotokozera chifukwa chimene timabwerekera pochotsera, inunso mukumvetsa bwino zimene munkangochita mwachizolowezi. Wophunzitsa mnzake amaphunzira kawiri, ndipo kuphunzitsa chinthu chothandiza ndi sadaka.

Kwa inu akuluakulu a komiti ya mzikiti: chipinda cha madrasa chimakhala chopanda anthu maola ena pamlungu. Tikupempha kuti muganizire zotsegula chipindachi ola limodzi Loweruka m'mawa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, a Chisilamu ndi a anansi athu a zipembedzo zina omwe, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ophunzira athu a Fomu 2 ndi 3, atsikana ndi anyamata, angathe kusinthana kuwayang'anira pamaso pa munthu wamkulu. Sipafunika zambiri: matabwa a bawo, zitsekerero za mabotolo, makope ochepa, ndipo ngati mphamvu ilipo, matabuleti awiri kapena atatu a pulogalamu yosankhidwa bwino ndi kasola kotchajira. Theka la nthawi likhale la sikirini, theka la manja ndi pakamwa. Tikupemphanso mashehe athu kuti pophunzitsa za zakaat ndi chuma cha masiye, azitchulako kuti kuphunzira kuwerengera ndi mbali ya kusunga chilungamo. Mwana akamva zimenezi pa mimbari, adzaona kope lake la masamu ndi maso ena.

Pali njira imodzi yosavuta yodziwira ngati masewera akuchita ntchito yake. Foni ikazima, batire litatha kapena magetsi atapita, muoneni mwanayo. Ngati akungoyendayenda kufunsa kuti ayaka liti, ndiye kuti wakonda sikirini. Koma ngati mwamupeza akuwerenga mazira m'thireyi, akugawira anzake mtedza mofanana, kapena akutsutsana ndi agogo ake pa bawo kuti njere yomaliza igwera dzenje liti, dziwani kuti wakonda manambala. Mwana wotereyu ndi amene tikumuyembekezera mu Fomu 1, ndipo kumukonza kukuyamba chaka chino, pakhonde la kunyumba kwanu.

Ana ndi amaanah imene Allah anaika m'manja mwathu. Tipemphe kuti atipatse nzeru zowasankhira zabwino, ndi kuti awaonjezere kuzindikira kothandiza pa dziko lino ndi pa tsiku lomaliza. Ameen.